Kuika nyale za HID pa galimoto yomwe inabwera ndi mababu wamba: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene amayendetsa galimoto usiku pa M1 amadziwa mmene mdima umavutira: mizere yoyera inafufutika m'malo ambiri, m'mphepete muli anthu oyenda pansi, njinga zopanda nyale ndi mbuzi. Choncho sizodabwitsa kuti anthu ambiri akaona kiti ya HID m'shopu ya masipeya, mtima umawauza kuti vuto latha. Mafunso ali m'munsimu ndi amene eni magalimoto amafunsa kawirikawiri asanagule, ndiponso ena amene amafunsa atagula kale zinthu zitayamba kuvuta.

HID ndi chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi babu wamba?

Babu wamba la halogen lili ndi kawaya kopotana mkati. Magetsi akadutsa, kawayako kamatentha mpaka kuyera, ndipo kuwala kumachokera pamenepo. Babu la HID lilibe kawaya kotero. Mkati mwake muli timitu tiwiri tachitsulo toyang'anizana, tosiyana mamilimita pafupifupi 4, m'kabotolo kakang'ono kokhala ndi mpweya wa xenon ndi timchere ta zitsulo. Magetsi amadumpha kuchoka pa kamutu kena kupita pa kanzake, ndipo lawi lodumphalo ndi limene limawala. N'chifukwa chake ena amangozitchula kuti nyale za xenon.

Kuti magetsi adumphe choncho, 12V ya batire siyikwanira. Pamafunika kabokosi kotchedwa ballast, kamene kamakweza mphamvu kufika pa 20,000V kapena kuposerapo pa nthawi yoyatsa, kenako n'kuitsitsa kufika pafupifupi 85V babu likagwira moto. Nyale zamtunduwu zinayamba kuoneka pa magalimoto mu 1991, pa BMW 7 Series. Kiti imene mumagula m'shopu imakhala ndi mababu awiri, ma ballast awiri ndi mawaya, ndipo thako la babu amalipanga mofanana ndi la halogen kuti lilowe pabowo la nyale yanu yakale.

Ndiye n'zoona kuti imawala kuposa halogen?

N'zoona. Babu la halogen la mtundu wa H7 la 55W limatulutsa ma lumen (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) pafupifupi 1,500. La H4 pa dimu limatulutsa pafupifupi 1,000. Babu la HID la kufakitale, monga D2S, limatulutsa pafupifupi 3,200 pamene likudya 35W yokha. Limakhalitsanso: halogen imatha pakati pa maola 500 ndi 1,000, pamene HID yabwino imapitirira maola 2,000. Manambala amenewa ndi a mababu enieni a makampani monga Osram ndi Philips. Zolembedwa pa makatoni a makiti otchipa musamazikhulupirire msanga, pepala silikana inki.

Nanga vuto lili pati, poti kuwala kwachuluka?

Vuto ndi lakuti babu silisankha kumene kuwala kupite. Imene imasankha ndi nyale yonse: mbale yonyezimira ya kumbuyo, imene amakaniko amati rifulekita, pamodzi ndi galasi la kutsogolo. Amene anapanga rifulekita ya galimoto yanu anaiwerengera pa kawaya ka halogen, kutalika kwake, kunenepa kwake, ndi malo enieni amene kamakhala. Kachigawo kalikonse ka mbaleyo kanapindidwa kuti katenge kuwala kochokera pa kadontho kamodziko n'kukuponya pamalo ake pamsewu. Amene anagwirapo tochi yakale ya mabatire akukumbuka kuti ukangopotoza mutu wake pang'ono, babu n'kusuntha, kuwala kumene kunali kolunjika kumamwazikana, pakati n'kuchita mdima. Nyale ya galimoto imachitanso chimodzimodzi.

Lawi la HID silofanana ndi kawaya. Limapindikira m'mwamba chifukwa cha kutentha, limawala kwambiri kumapeto kwake kuwiri osati pakati, ndipo pansi pa kabotoloko pamakhala timchere tosungunuka timene timasintha mtundu wa kuwala kolowera mmunsi. Onjezani apo kuti mababu a makiti otchipa sakhala pamalo amodzi ndendende, lina limapendekera uku, lina uko. Mukaliika mu rifulekita ya halogen, mbali ina ya kuwala imene inayenera kugwa pamsewu imakwera m'mwamba. Ndipo popeza kuwalako kwachuluka kawiri kapena katatu, kotayikira m'mwambako kwachulukanso chimodzimodzi.

Kumwambako ndi kumene kuli maso a dalaivala amene akubwera kutsogolo kwanu. Munthu akathobwa m'maso usiku, pamatenga masekondi angapo kuti ayambenso kuona bwino. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Masekondi atatu okha, ndiye kuti minibasi yodzaza anthu yayenda mamita oposa 60 dalaivala akungoyerekeza pamene pali msewu. Pamalo ngati Lizulu kapena Zalewa, pamene anthu amadzaza m'mphepete mwa msewu mpaka usiku, mtunda umenewo ndi wautali kwambiri. Komanso musaiwale kuti galimoto imene dalaivala wake sakuonayo ikulunjika mbali yanu.

Koma ine chiikireni HID ndikuona bwino kuposa kale. Mukuti ndikunama?

Ayi, simukunama, koma maso akukupusitsani. Kiti ya HID mu rifulekita ya halogen imathira kuwala kochuluka pafupi, mamita 10 kapena 20 kutsogolo kwa boneti, ndiponso m'mitengo ndi pa zikwangwani. Mukakhala pa chiwongolero mumaona ngati kwacha, mtima n'kukhala m'malo. Koma kuwala kwa pafupiko kumachititsa kuti kamboni wa diso achepe, ndiye zinthu za kutali, kumene kuli mdima, zimavuta kuziona kuposa kale. Chimene chimapulumutsa munthu usiku ndi kuona wanjinga ali patali nthawi yoponda buleki ikadalipo. Kuona bwino miyala imene ili pansi pa bampala sikuthandiza kanthu, mwaiponda kale.

Chizindikiro chosavuta ndi ichi: ngati madalaivala anzanu amakuphethirirani nyale pafupipafupi inu muli pa dimu, sikuti akukupatsani moni.

Ndingadziwe bwanji mtundu wa nyale imene ndili nayo?

Imani kutsogolo kwa galimoto masana muyang'ane mkati mwa nyale. Mukaona mbale yonyezimira yotambalala, babu likuonekera pakati pake, imeneyo ndi rifulekita. Mukaona galasi lozungulira lotukuka ngati diso la ng'ombe, babu losaoneka, imeneyo ndi pulojekita. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene adzaza m'misewu yathu, monga Probox, Hiace, ndi ma Vitz, Passo ndi Demio ambiri, ali ndi rifulekita ya babu la H4.

Yanga ndi pulojekita. Pamenepo ndiye palibe vuto?

Vuto limachepa, koma silitheratu. Mkati mwa pulojekita muli kachitsulo kotchinga kamene kamadula kuwala kuti kusakwere, ndipo n'chifukwa chake pakhoma mumaona mzere wakuthwa, pansi powala, pamwamba pa mdima. Kachitsuloko kamagwirabe ntchito ngakhale mutaikamo HID. Komabe pulojekita ya halogen inapangidwiranso kawaya, choncho kuwala kumatha kuunjikana pafupi kapena kusiya madontho a mdima. Ndiponso opanga amasiya dala kuwala pang'ono kodutsa pamwamba pa mzere kuti muziona zikwangwani, ndipo kameneko nako kamakula.

Njira imene imapereka zotsatira zabwino ndi kuikamo pulojekita yopangidwira HID, kapena kugula nyale yonse ya mtundu womwewo wa galimoto imene inachoka kufakitale ili ndi HID. Magalimoto ambiri a ku Japan anatuluka m'magulu awiri, lina la halogen lina la HID, ndiye kwa ogulitsa masipeya a magalimoto ophwasulidwa nyale zotere zimapezeka. Zimadula kuposa kiti, inde. Pogula muonetsetse kuti ndi za dziko loyendera kumanzere ngati kwathu kuno. Nyale ya ku Japan kapena ku UK imakweza kuwala kumanzere, kumene kuli oyenda pansi. Ya ku Germany imakweza kumanja, m'maso mwa amene mukupatukana nawo.

Wogulitsa akuti ali ndi kiti ya H4 ya dimu ndi fulu. Imagwira bwanji?

Tengani babu la H4 lakale muliyang'anitsitse. Muona mawaya awiri opotana, ndipo pansi pa kamodzi pali kachitsulo kooneka ngati kasupuni. Kawaya kokhala ndi kasupuniko ndi ka dimu, ndipo kasupuniko kamaletsa kuwala kugwera m'munsi mwa mbale, kumene kukanabwerera kulunjika m'mwamba. Kawaya kachiwiriko ndi ka fulu. Babu la HID lili ndi lawi limodzi lokha, ndiye opanga makiti anaikamo maginito amene amakankha babu kutsogolo ndi kumbuyo mukasintha swichi. Chinthu chimene malo ake amayenera kulondola mpaka kachigawo ka milimita, achiika pa kachipangizo kogwedera. Muyendetse miyezi ingapo m'misewu ya mabampu ndi fumbi, kayamba kukakamira kapena kunjenjemera. Makiti ena otchipa kwambiri alibe n'komwe zimenezi, fulu imangotayika.

Pa mitundu yonse ya makiti, ya H4 mu rifulekita ndi imene ine sindingamulangize munthu ngakhale pang'ono.

6000K, 8000K, 12000K: nambala yaikulu ndiye kuti yowala kwambiri?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Nambala ya K ikunena mtundu wa kuwala, osati kuchuluka kwake. Halogen ili cha pa 3200K, yoderako chikasu. HID ya kufakitale ili cha pa 4300K, yoyera. Pa 6000K kuwala kumayamba kulowera ku buluu, pa 8000K ndi buluu weniweni, ndipo pa 10000K kupita mtsogolo kumalowera ku pepo. Nambala ikamakwera kupitirira 4300K kapena 5000K, kuwala kumene kumafika pamsewu kumatsika.

Kuwala kwa buluu kumatopetsanso maso, ndipo pa tara yonyowa kumangomira. Amene anadutsapo ku Chikangawa kapena ku Dedza m'chifunga, kapena ku Thyolo nthawi ya chiperoni, akudziwa kuti kuwala kulikonse kokwera m'mwamba kumabwerera m'maso mwako ngati khoma loyera. Fumbi la m'chilimwe limachitanso zomwezo.

35W kapena 55W?

35W. Ya 55W imatentha kwambiri, imafupikitsa moyo wa babu, ndipo imatha kupsereza utoto wonyezimira wa m'mbale mpaka kuchita phulusa. Mbale ikapsa palibenso babu limene lingaithandize.

Ndaika kale, koma ikuphethira, ndipo nthawi zina mbali imodzi siyaka. Chavuta n'chiyani?

Kawirikawiri ndi mawaya. Ballast imadya magetsi ochepa ikakhazikika, koma pa masekondi oyamba imakoka ochuluka kuposa halogen, ndipo mawaya opyapyala a galimoto yakale amalephera kupereka. Mankhwala ake ndi kukoka waya wonenepa kuchokera ku batire, wodutsa pa fyuzi ndi relay (kaswichi koyatsidwa ndi magetsi), kuti waya wakale uja azingopereka chizindikiro choyatsira. Waya wa earth amangidwe pachitsulo chopalidwa bwino, osati pa penti kapena pa dzimbiri.

Ngati sikuyaka n'komwe kuyambira tsiku loyamba, tembenuzani pulagi yolowa mu ballast. Halogen sisamala kuti positive ili mbali iti, koma ballast imasamala. Magalimoto ena, makamaka a ku Ulaya, ali ndi kompyuta imene imayeza magetsi odyedwa ndi babu. Ikaona kuti achepa imaganiza kuti babu lapsa, n'kuyatsa chenjezo pa dashibodi kapena kudula magetsi. Pamenepo pamafunika ballast yolembedwa CANbus.

Kuti mudziwe ngati lafa ndi babu kapena ballast, sinthanitsani mababu a kumanzere ndi kumanja. Vuto likasamuka, ndi babu. Likakhala pomwepo, ndi ballast kapena waya. Ballast muimange pamalo osafika madzi ndi kutentha kwa injini, ndipo bowo limene mwaboola pa chivindikiro cha kumbuyo kwa nyale mulitseke ndi labala, apo ayi mvula yoyamba nyale idzachita nthunzi mkati.

Dziwaninso kuti HID imatenga masekondi angapo kuti ifike pa kuwala kwake konse, ndipo kuyatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi kumaipha msanga. N'chifukwa chake siyenera kuikidwa pa nyale ya fulu yoima payokha, imene mumaphethirira nayo anzanu.

Ndingaike ndekha?

Ngati mumadziwa za magetsi a galimoto, ntchito yake si yovuta. Zimitsani nyale, chotsani waya wa negative pa batire, ndipo musayatse ballast babu lili m'manja kapena lisanalumikizidwe. 20,000V si yoseweretsa. Galasi la babu musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amalipsereza. Mababu ambiri a HID ali ndi mercury, chitsulo chapoizoni, mkati, choncho lakufa musaliphwanye kapena kusiyira ana kuti aziseweretsa.

Nanga pa lole kapena pa njinga yamoto?

Malole ambiri ndi a 24V, ndipo ballast ya 12V imapsa nthawi yomweyo. Nyale za lole zili pamwamba kale, ndiye zikamwaza kuwala wa galimoto yaing'ono amavutika koposa. Njinga zamoto zing'onozing'ono zambiri, ngati za kabaza, nyale yake imadya magetsi a AC ochokera ku injini mwachindunji, pamene ballast imafuna DC ya batire. Mukailumikiza ku batire laling'onolo, limatha msanga.

Malamulo amati chiyani?

M'mayiko amene amatsatira malamulo a UN a nyale za magalimoto, kuphatikizapo a ku Ulaya, babu la dimu lopitirira ma lumen 2,000 limayenera kukhala ndi zinthu ziwiri: chipangizo chowongola nyale chokha galimoto ikalemedwa kumbuyo, ndi chotsukira galasi la nyale. Kiti ya m'katoni ilibe zonsezi. Ku UK, galimoto imene nyale yake ya halogen yaikidwa babu la HID imalephera mayeso a MOT (ofanana ndi COF ya kwathu), choncho abale amene muli kumeneko musayese n'komwe. Ku America nako bungwe la NHTSA linanena kuti makiti otere sakugwirizana ndi lamulo lawo la nyale, FMVSS 108. Kwathu kuno nyale zili m'gulu la zinthu zimene zimayang'anidwa potenga COF.

Nkhani ya kulemedwa kumbuyoyi ikutikhudza kwambiri ife. Sienta ikanyamula anthu ndi matumba a chimanga, kumbuyo kumakhala pansi, mphuno n'kudzuka, ndipo dimu imasanduka fulu. Magalimoto ambiri a ku Japan ali ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero kolembedwa 0, 1, 2, 3 kupita mtsogolo. Ntchito yake ndi yomweyi: 0 mukakhala nokha, nambala yokulirapo mukanyamula katundu. Ambiri sanakagwirepo chigulireni galimoto.

Galimoto yanga inabwera ndi HID kuchokera ku Japan, koma nyale imodzi yasanduka yofiirira. Nditani?

Babu lakalamba, ndipo posachedwa liyamba kuzima lokha. Werengani nambala yolembedwa pa thako lake. D2S ndi D4S ndi a pulojekita, D2R ndi D4R ndi a rifulekita yopangidwira HID, ndipo a R ali ndi mzere wakuda wopakidwa pagalasi wotchinga kuwala kosafunika. D2 ndi D4 sasinthanitsidwa: D4 alibe mercury ndipo amayendera pafupifupi 42V, osati 85V. Sinthani onse awiri nthawi imodzi, chifukwa latsopano ndi lakale amasiyana mtundu.

Ngati HID ayi, ndichite chiyani? Nyale zanga sizikuwala ndithu.

Yambani ndi galasi. Magalimoto ambiri amafika kuno ali ndi zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo galasi la nyale, limene kwenikweni ndi pulasitiki, limakhala litayamba kale chikasu. Dzuwa lathu limamalizitsa. Galasi lotere limameza kuwala kochuluka ndipo kotsalako limakumwaza. Likwecheni ndi sandipepa wa madzi, kuyambira wa 800, kenako 1500, kenako 2000 kapena 3000, madzi akuthiridwa nthawi zonse. Poyamba lidzaoneka loyera ngati mkaka, musachite mantha, limayera mukapukuta ndi polishi. Mukamaliza lipakeni vanishi woteteza ku dzuwa, apo ayi miyezi ingapo chikasu chabwerera. Mankhwala otsukira mano amene anyamata ena amapaka amangothandiza masabata ochepa.

Kenako pitani kwa wa zamagetsi ayeze mphamvu imene ikufika pa babu injini ikulira, nyale zili zoyaka. Mababu a halogen amayezedwa pa 13.2V, ndipo mphamvu ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika ndi pafupifupi magawo atatu mwa 10. Pa galimoto yakale, masoketi opsa, earth ya dzimbiri ndi swichi yotopa zimaba magetsi mwakachetechete. Relay ndi waya wonenepa zimabweza kuwala kumeneko pa mtengo wochepa.

Pomaliza gulani mababu a halogen enieni. Alipo owala kuposa wamba pa mawati omwewo, monga Osram Night Breaker, ngakhale kuti amapsa msanga poyerekeza ndi wamba. Opakidwa utoto wa buluu asiyeni, utotowo umangochotsa kuwala. A 100W nawonso asiyeni, amasungunula masoketi.

Ndingawongole bwanji nyale popanda makina?

Pezani malo athyathyathya ndi khoma, madzulo. Matayala akhale ndi mpweya wokwanira, kagudumu kaja kakhale pa 0. Yezani kuchokera pansi kufika pakati pa nyale, mulembe mzere pakhoma pa msinkhu womwewo ndi choko kapena khala. Imikani galimoto mamita 10 kuchokera pakhomapo, yoyang'ana molunjika, muyatse dimu. Mzere wa pamwamba wa kuwala, mbali yake yogona ya kumanja, uyenera kugwa masentimita 10 mpaka 12 pansi pa mzere wanu. Pa nyale zambiri pamalembedwa 1.0% kapena 1.2%, ndipo tanthauzo lake ndi lomweli. Phimbani nyale imodzi ndi katoni pamene mukuwongola inzake, ndipo mabawuti owongolera ali kumbuyo kwa nyale.

Khoma lomweli lingakuuzeni zoona za kiti imene mwaika kale. Ngati mukuona mzere woonekera bwino, wokwera pang'ono kumanzere, nyale ikugwira ntchito yake. Ngati mukuona chimtambo chowala chopanda malire, ndi mizere yothamangira m'mwamba, palibe bawuti imene ingakonze zimenezo. Ena amangoweramitsa nyale pansi kwambiri kuti anzawo asadandaule, n'kutsala akuona mamita 20 okha.

Bwanji mababu a LED amene adzaza masiku ano?

Funso lake ndi lomwelija: kodi kuwala kukuchokera pamalo enieni amene panali kawaya? A LED abwino amayesa kutsanzira malo ndi kukula kwa kawayako ndi timagetsi tating'ono mbali ziwiri za kachitsulo kopyapyala, ndipo ena amatulutsa mzere wabwino ndithu mu nyale zina. Okhala ndi timagetsi mbali zinayi kapena kuzungulira konse amamwaza kuwala ngati kiti ya HID yomwe. Amayaka nthawi yomweyo ndipo safuna 20,000V, koma amadalira kafani kapena chitsulo choziziritsira kumbuyo, ndipo fumbi likatseka kafaniko kuwala kumatsika. Musanalipire, pemphani wogulitsa kuti muyese babu limodzi, lakale likhale mbali inayo, muyang'ane onse awiri pakhoma.